Browser ikakana kutsegula plugin: werengani chenjezo musanadine chilichonse

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta a m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu, pali dandaulo limodzi lomwe silitha. Tsamba latseguka, koma pamalo pomwe pamayenera kuoneka vidiyo, fomu kapena zithunzi za kamera pangokhala kabokosi kotuwa ndi mawu a Chingerezi onena kuti china chake chatsekedwa. Mwini wake amati kompyuta yaonongeka, pomwe nthawi zambiri imakhala ili bwinobwino. Chimene chimandipweteka mtima ndi zomwe zimachitika ndisanafike. Munthu amasakasaka pa intaneti, n'kudawuniloda pulogalamu iliyonse yomwe yalonjeza kukonza vutolo, ndipo pofika madzulo amakhala ndi mavuto awiri: loyamba lija, ndi vayirasi.

Tiyambe tamvana mawu. Browser ndi pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Firefox kapena Edge. Plugin ndi pulogalamu yapadera yomwe browser inkaitana kuti idzaonetse zinthu zomwe payokha sinkatha kuonetsa. Zotchuka zinali Adobe Flash Player, Java, Silverlight ndi ActiveX ya Internet Explorer. Flash imeneyi si flash yomwe timasungiramo mafayilo n'kumayenda nayo m'thumba. Ndaonapo anthu akuzula flash yawo pa kompyuta poganiza kuti ndi yomwe ikunenedwa.

Vuto la ma plugin linali lakuti ankagwira ntchito kunja kwa mpanda womwe browser imadzitchingira nawo. Akuba akapeza pobowoka mu Flash kapena mu Java, kungotsegula tsamba kunali kokwanira kuti alowe m'kompyuta yanu. N'chifukwa chake opanga ma browser adawachotsa limodzilimodzi:

- Chrome idasiya Java ndi Silverlight mu Seputembala 2015, pa version 45.
- Firefox idachita chimodzimodzi mu Malichi 2017, pa version 52, n'kungotsala ndi Flash.
- Adobe idasiya kusamalira Flash pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 Flash Player idayamba kukana yokha kuseweretsa zinthu. Mwezi womwewo Chrome 88 ndi Firefox 85 zidaichotseratu.
- Silverlight idatha pa 12 Okutobala 2021.
- Internet Explorer 11 idapumitsidwa pa 15 Juni 2022.

Choncho pa machenjezo ambiri palibe batani lobisika loti mulipeze. Chitseko chimenechi sichidakhomedwe ndi loko. Adachimanga ndi njerwa. Ntchito yanu ndi kuzindikira kuti chenjezo lomwe mukuona ndi la mtundu uti, chifukwa ena amakonzeka m'mphindi ziwiri, ena amafuna njira ina, ndipo ena ndi msampha.

## Musanakhudze chilichonse

1. Jambulani chenjezolo ndi foni, mawu onse aoneke, komanso adiresi ya tsamba yomwe ili pamwamba.
2. Onani tsiku ndi nthawi pa kompyuta. Kompyuta yakale ikathimitsidwa ndi magetsi n'kudzuka ikuonetsa chaka cholakwika, ndiye kuti kabatire ka CR2032 ka m'kati katha. Tsiku likalakwika, browser imaona ngati masatifiketi a masamba onse, zomwe ndi zitupa zotsimikizira kuti tsamba ndi lenileni, ndi osayenera, ndipo imatseka zinthu zambirimbiri. Konzani tsiku, sankhani nthawi ya Harare, Pretoria yomwe ndi yofanana ndi ya kwathu kuno, kenako sinthani kabatireko.
3. Onani version ya browser. Mu Chrome lembani chrome://settings/help pamwamba. Mu Firefox pitani pa Help, kenako About Firefox. Pa Windows 7 ndi 8.1, Chrome idaima pa version 109 ndipo Firefox idaima pa 115 ESR. Simungapite patsogolo pokhapokha mutasintha Windows.
4. Tsegulani tsamba lomwelo pa browser ina kapena pa kompyuta ya mnzanu. Likakanika paliponse, vuto lili kwa eni tsamba, osati kwa inu.

## Chizindikiro 1: "This plugin is not supported" kapena "Adobe Flash Player is no longer supported"

Pamaoneka kabokosi kotuwa, nthawi zina ndi kachithunzi konga kachidutswa ka puzzle, kapena chilembo cha f.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Tsamba ndi lakale, lidamangidwa ndi Flash, ndipo eni ake sadalisinthe. Palibe chokonza pa kompyuta yanu. Fufuzani ngati eni ake ali ndi tsamba latsopano kapena app ya pa foni. Ngati ndi tsamba la kuntchito, auzeni olisamalira.
- Mwatsegula fayilo ya .swf ya pa CD kapena pa flash. Izi zimachitika kwambiri m'masukulu omwe adalandira maphunziro a pa kompyuta zaka zapitazo. Mafayilowo sadafe. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Ruffle, yopezeka pa ruffle.rs, yomwe imawerenga mafayilo a Flash popanda Flash Player. Mutha kuiika mu Chrome kapena Firefox ngati extension, kapulogalamu koonjezera mu browser, kapena pa kompyuta ngati pulogalamu yoima payokha. Internet Archive imagwiritsa ntchito yomweyi kuyambira mu 2020 poonetsa masewera akale. Siitsegula fayilo iliyonse bwinobwino, koma maphunziro ambiri osavuta amatheka.
- Tsamba likufuna Silverlight kapena Java. Onani chizindikiro 3 ndi 4.

Ena adzakulangizani kuti mubweze tsiku la kompyuta m'mbuyo kuti Flash igwire, kapena muike Firefox yakale ya 2017 n'kumayenda nayo pa intaneti. Musatero. Browser imeneyo ili ndi mabowo odziwika omwe sadatsekedwe kwa zaka zambiri. Ngati Flash Player ikadali m'kompyuta yanu, ichotseni kudzera mu Control Panel, pa Programs and Features.

## Chizindikiro 2: Tsamba likukuuzani kuti mudawunilode plugin kapena update

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe anthu amapwetekera.

Mawu ake amakhala onga awa: "Your Flash Player is out of date", "Install missing plugin to watch this video", "Your browser needs an update". Amakonda kuoneka pa masamba oonetsa mpira kapena mafilimu mwaulere, koma amapezekanso pa masamba abwinobwino omwe akuba adawathyola.

Zoyambitsa:

- Chenjezo ndi labodza. Ichi ndiye chofala kuposa zonse. Flash idatha, ndiye update ya Flash yochokera pa tsamba lililonse lomwe mwangoligwera ndi bodza. Chinyengochi n'chakale: mu Okutobala 2017 vayirasi ya Bad Rabbit idatseka mafayilo a makompyuta ku Russia ndi ku Ukraine, ndipo inkalowa ikunamizira kukhala update ya Flash.
- Mudadina Allow pa tsamba lina, ndipo tsopano likukutumizirani timauthenga pakona ya sikirini. Timauthengati timanamizira kukhala ta antivirus kapena ta Windows. Mukationa bwino, pansi pake pamalembedwa dzina la browser ndi adiresi ya tsamba lomwe likutitumiza.
- Chipangizo chanu chenicheni, monga makina a kamera, chikupempha plugin yake. Izi zimachitika pokhapokha adiresi ikakhala ya m'nyumba kapena mu ofesi mwanu, monga yoyamba ndi 192.168. Onani chizindikiro 3.

Chenjezo labodza mulizindikira motere. Browser yeniyeni imadzichitira update yokha kudzera mu Settings. Siikupatsani fayilo yoti mudawunilode pa tsamba la munthu wina. Siikupatsani nambala ya foni yoti muimbe. Siiwerenga masekondi kukuthamangitsani, ndipo siiliza belu. Zonse zokuchititsani mantha kuti mufulumire ndi za akathyali.

Kuyambira cha mu 2024 kwabwera njira ina yoopsa. Tsamba limati likufuna kutsimikiza kuti ndinu munthu, kapena kuti likonze plugin, ndiye limakuuzani kuti mudine batani la Windows pamodzi ndi R, kenako Ctrl ndi V, kenako Enter. Mukatero mwalamula nokha kompyuta yanu kuti ikatenge vayirasi, ndipo browser singakutetezeni chifukwa zachitikira kunja kwake. Palibe tsamba loona lomwe lingakupempheni zimenezi.

Chochita:

1. Musadine paliponse m'kati mwa tsambalo, ngakhale pa X kapena pa Cancel, chifukwa nazonso zimatha kukhala chithunzi chabe. Tsekani tab ndi Ctrl ndi W.
2. Tsamba likadzaza sikirini yonse n'kukana kutsekeka, dinani F11 kapena gwirani Esc kwa masekondi angapo. Zikakanika, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, sankhani browser mu Task Manager, dinani End task. Potsegulanso, ikafunsa ngati mukufuna kubwezeretsa masamba aja, kanani.
3. Lembani chrome://settings/content/notifications ndipo chotsani tsamba lililonse lomwe simukulidziwa pa mndandanda wa ololedwa. Mu Edge ndi mu Firefox zimenezi zili mu Settings, pa gawo la zilolezo za masamba.
4. Ngati fayilo yadawunilodedwa koma simunaitsegule, ifufuteni mu Downloads ndi mu Recycle Bin momwe. Palibe chomwe chaonongeka.

Ngati mudaitsegula fayiloyo, kapena mudachita za Windows ndi R zija, imani pomwepo. Zulani waya wa netiweki, thimitsani Wi-Fi. Musalowe ku banki, ku imelo kapena ku Facebook pa kompyuta imeneyo. Sinthani mapasiwedi anu pa foni kapena pa kompyuta ina, kuyambira ndi ya imelo, chifukwa yemwe ali ndi imelo yanu amatha kusintha ena onse. Mavayirasi amtunduwu amakonda kuba mapasiwedi omwe browser idasunga. Mu Windows Security muli Microsoft Defender Offline scan yomwe mungayambe nayo, komabe itanani katswiri. Nthawi zambiri njira yodalirika ndi kusamutsa mafayilo anu n'kuika Windows mwatsopano.

## Chizindikiro 3: Makamera a CCTV kapena pulogalamu ya mu ofesi ikupempha plugin kapena ActiveX

Mwalemba adiresi ya DVR, makina osunga zithunzi za makamera, mwalowa ndi pasiwedi, koma m'malo mwa zithunzi mukuona mawu okuuzani kuti mudine kuti mudawunilode plugin. Mwaiika, mwatsegulanso, mawu omwewo abweranso. Ena amaiika kasanu.

Zoyambitsa:

- Plugin ya makinawo imagwira mu Internet Explorer yokha. Makina ambiri akale a makamera adapangidwa choncho. Chrome, Firefox ndi Edge wamba siziiona plugin imeneyo ngakhale ili m'kompyuta.
- Masiku 30 a IE mode, njira ya mu Edge yomwe ndaifotokoza m'munsimu, atha. Dzulo zimagwira, lero zasiya, ndipo palibe yemwe wakhudza kanthu. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chimenechi.
- Plugin idaikidwa browser ili yotsegula. Tsekani ma browser onse, iikeninso podina batani lakumanja la mouse n'kusankha Run as administrator.
- Antivirus kapena SmartScreen, chitetezo cha mu Windows ndi Edge, yaletsa fayiloyo. Iloleni pokhapokha mukutsimikiza kuti yachokera m'makina anu omwe kapena pa tsamba la opanga.

Njira yomwe ndimayamba nayo ndi kuiwala za browser. Opanga makamera ali ndi mapulogalamu awo osafuna plugin: a Hikvision ali ndi iVMS-4200 ya pa kompyuta ndi Hik-Connect ya pa foni, a Dahua ali ndi SmartPSS ndi DMSS. Itengeni pa tsamba la opanga kapena pa Play Store.

Ngati simungachitire mwina, gwiritsani ntchito IE mode ya mu Microsoft Edge. Imeneyi ndi Internet Explorer yomwe idatsalira m'kati mwa Edge chifukwa cha zipangizo zakale zoterezi, ndipo Microsoft idalonjeza kuisamalira mpaka 2029 kapena kupitirira.

1. Mu Edge lembani edge://settings/defaultbrowser.
2. Pomwe palembedwa "Allow sites to be reloaded in Internet Explorer mode", sankhani Allow, kenako Restart.
3. Pa mndandanda wa Internet Explorer mode pages dinani Add, lembani adiresi yonse ya makinawo kuyambira ndi http kapena https.
4. Tsegulani adiresiyo. Kachizindikiro ka e kabuluu kakaoneka pafupi ndi adiresi, zatheka.

Tsamba lomwe mwaika nokha pa mndandandawu limachoka pakatha masiku 30. Lembani tsikulo pa kalendala, kapena pemphani wa IT aliike pa mndandanda wa bungwe womwe sutha. Pa mndandandawo pakhale zipangizo zanu zokha; IE mode si yoyendera pa intaneti.

Pali chenjezo lina la m'banja lomweli: "Internet Explorer restricted this webpage from running scripts or ActiveX controls", ndi batani la Allow blocked content. Limabwera mukatsegula fayilo ya tsamba yomwe ili pa kompyuta, pa CD kapena pa flash. Ngati fayiloyo ndi buku la malangizo lomwe lidabwera ndi chipangizo, kapena maphunziro omwe mukudziwa komwe adachokera, dinani. Ngati idabwera pa imelo kapena pa WhatsApp kuchokera kwa munthu wosamudziwa, musadine.

Makina a makamera amathanso kubweretsa "Your connection is not private", chifukwa satifiketi yawo amadzilembera okha. Pa adiresi ya m'nyumba mwanu mutha kudina Advanced n'kupitirira. Pa banki, pa imelo kapena pa tsamba lolipirirapo ndalama musapitirire.

Firmware yatsopano, kutanthauza pulogalamu ya m'kati yoyendetsa makinawo, imatha kuchotseratu kufunika kwa plugin pa makina ena. Koma ntchito imeneyi isiyireni yemwe adakuikirani makamera. Magetsi akathima update ili pakati, kapena mukaika fayilo ya mtundu wina wa makina, DVR imatha kufa osadzukanso. Payenera kukhala UPS, batire losunga makina oyaka magetsi akathima.

## Chizindikiro 4: "Application Blocked by Java Security"

Chenjezo ili silichokera kwa browser, likuchokera kwa Java yomwe ili m'kompyuta. Mumaliona mu IE mode kapena mukatsegula fayilo ya .jnlp, makamaka pa mapulogalamu akale a maakaunti ndi pa zipangizo za m'chipinda cha seva.

Zoyambitsa:

- Satifiketi ya pulogalamuyo idatha, kapena opanga adadzilembera okha. Java imakana mapulogalamu otere; a satifiketi yodzilembera okha idayamba kuwakana pa Java 7 Update 51, mu Januwale 2014. Tsegulani Configure Java, pitani pa Security, dinani Edit Site List, kenako Add, ndipo lembani adiresi yonse, pamodzi ndi http kapena https ndi nambala ya port, yomwe imabwera mu adiresi pambuyo pa chizindikiro cha :, ngati ilipo. Ambiri amalakwitsa pomwepa: akasiya nambala ya port, Java imaona ngati ndi tsamba lina. Malangizo akale onena kuti mutsitse chitetezo kufika pa Medium adatha ntchito, chifukwa Medium idachotsedwa pa Java 8 Update 20.
- Tsiku la kompyuta ndi lolakwika. Bwererani ku kabatire kaja.
- Mwaika Java yatsopano kwambiri. Kuyambira pa Java 11 mulibe plugin ya browser, mulibenso Java Web Start yotsegulira mafayilo a .jnlp. Zimenezi zili mu Java 8. Pa mafayilo a .jnlp palinso pulogalamu yaulere ya OpenWebStart.
- Mwaika ya 64-bit pomwe IE mode ikufuna ya 32-bit. Zimachitika kawirikawiri.

Kuika tsamba pa Exception Site List ndi kuuza Java kuti mukulikhulupirira ngati mbale wanu. Chitani zimenezi pa pulogalamu ya kuntchito yomwe wa IT wakutsimikizirani basi. Osamalira maseva a Dell kapena HP aone kaye ngati iDRAC kapena iLO yawo ili ndi console ya HTML5. Pa makina ambiri imabwera ndi firmware yatsopano, ndipo Java siifunikanso.

## Chizindikiro 5: Fomu ya PDF ikungoonetsa "Please wait..."

Mawu ake amapitiriza kuti ngati uthengawo susinthika, ndiye kuti pulogalamu yanu singaonetse chikalata chamtunduwu. Anthu amadikiradi, bandulo ikutha. Omwe adafunsirapo viza ya ku Canada akuidziwa nkhaniyi, chifukwa mafomu monga IMM 5257 amatero.

- Fomuyo ndi ya mtundu wa XFA, ndipo chowerengera PDF cha mu Chrome ndi Edge sichiutha. Musadine linki mwachizolowezi. Dinani ndi batani lakumanja la mouse, sankhani Save link as, sungani fayiloyo pa kompyuta. Kenako tsegulani Adobe Acrobat Reader, yomwe ndi yaulere pa tsamba la Adobe, ndipo tsegulani fayiloyo kuchokera m'kati mwa Reader.
- Fayilo mwaisunga, koma ikutsegukabe mu browser. Dinani pa fayiloyo ndi batani lakumanja, Open with, sankhani Adobe Acrobat Reader.
- Reader yaitsegula koma mabatani sakugwira. Pamwamba pakakhala kamzere kachikasu, dinani Enable All Features, ngati fomuyo mwaitenga pa tsamba lenileni la boma kapena bungwe. Popanda kutero batani la Validate silitulutsa ma barcode.
- Mukuyesa pa foni. Mafomu amtunduwu satseguka pa foni. Pezani kompyuta, ndipo ngati ndi ya pa kefe, fufutani fomu yanu mukamaliza chifukwa muli nambala ya pasipoti.

## Chizindikiro 6: Vidiyo kapena nyimbo zikukana, pakutchulidwa DRM kapena Widevine

DRM ndi loko woteteza mafilimu ndi nyimbo kuti zisakopedwe. Widevine ndi kachigawo ka Google komwe kamatsegula mafilimu ndi nyimbo zotetezedwa pa masamba monga Netflix ndi Spotify. Kamabwera ndi browser. Simukadawuniloda kwina kulikonse.

- Kathimitsidwa. Mu Firefox pitani pa Settings, General, ndipo chongani "Play DRM-controlled content". Mu Chrome lembani chrome://settings/content/protectedContent ndipo lolani masamba kuseweretsa zinthu zotetezedwa. Pa Netflix vutoli limadza ndi nambala M7701-1003.
- Kakalamba. Lembani chrome://components, pezani Widevine Content Decryption Module, dinani Check for update.
- Firefox ndi yakale. Pa 14 Malichi 2025 satifiketi ina ya m'kati mwa Firefox idatha. Ma version a m'mbuyo mwa 128, ndi a ESR a m'mbuyo mwa 115.13, amatha kuthimitsa ma extension ndi kukana mavidiyo otetezedwa. Chitani update.

## Chizindikiro 7: "Insecure content blocked" kapena mbali ina ya tsamba yangosowa

Tsamba lili pa https, koma likukoka zinthu zina kudzera pa http yosatetezedwa. Munthu yemwe ali nanu pa Wi-Fi imodzi atha kusintha zinthuzo zili m'njira, ndiye browser imazitseka. Firefox idayamba kutero mu 2013, pa version 23.

- Eni tsamba adasamukira ku https koma adaiwala ma linki ena. Kuti mutsimikize, dinani F12, pitani pa Console, ndipo muona mizere yoyamba ndi "Mixed Content". Jambulani, atumizireni. Okonza ndi iwowo.
- Tsamba la kuntchito likuonetsa chipangizo chakale chomwe chilibe https. Mu Chrome dinani kachizindikiro ka kumanzere kwa adiresi, Site settings, Insecure content, Allow. Chilolezocho chimakhudza tsamba limenelo lokha.
- Fayilo yoti mudawunilode ili pa http. Chikalata chochokera ku malo omwe mumawadziwa mutha kuchisunga podina Keep. Fayilo ya .exe kapena .zip, ayi.

Pa tsamba lomwe mumalembapo pasiwedi, nambala ya khadi kapena ya chitupa, musalole chilichonse chomwe browser yatseka.

## Chizindikiro 8: ERR_BLOCKED_BY_CLIENT, extension yathimitsidwa, kapena "Managed by your organization"

- Extension yotseka zotsatsa malonda yatseka zomwe mumafuna. Tsegulani tsambalo mu Incognito ndi Ctrl, Shift ndi N, momwe ma extension sagwira pokhapokha mutawalola. Likatseguka, athimitseni limodzilimodzi mpaka mupeze wolakwa.
- Chrome yathimitsa extension yakale. Kuyambira mu 2024 Chrome yakhala ikuchotsa ma extension omangidwa pa dongosolo lakale la Manifest V2, kuphatikizapo uBlock Origin yotseka zotsatsa malonda. Ikani uBlock Origin Lite, kapena gwiritsani ntchito Firefox komwe yoyambayo ikugwirabe.
- Kompyuta ndi ya kuntchito, ndipo olemba ntchito adatseka dala. Musalimbane nazo, pemphani wa IT.
- Kompyuta ndi yanuyanu koma ikuti ikulamulidwa ndi bungwe. Lembani chrome://policy muone malamulo omwe alipo. Nthawi zina ndi antivirus yanu, nthawi zina laputopu yogula kwa munthu imabwera ndi malamulo a kampani yomwe inkaigwiritsa ntchito kale. Koma mukaona extension yachilendo yokana kuchotsedwa, kapena browser ikusakira zinthu pa tsamba lomwe simudasankhe, imeneyo ndi vayirasi.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana katswiri

Safunsa adadya phula. Siyani kuyesayesa nokha ngati:

- mudatsegula fayilo yochokera pa chenjezo labodza, kapena mudaimba nambala yomwe idaoneka pa sikirini;
- mudalola munthu wosamudziwa kulowa m'kompyuta yanu ndi AnyDesk kapena TeamViewer;
- mafayilo anu asintha mayina, akukana kutseguka, kapena pali uthenga wofuna ndalama;
- tsamba lonse lafiira ndi mawu akuti "Dangerous site" kapena "Deceptive site ahead" pa webusayiti ya bungwe lanu lomwe, zomwe zimasonyeza kuti mwina lathyoledwa;
- malangizo omwe mwapeza akukuuzani kuti muthimitse antivirus, musinthe Registry, kapena muike satifiketi yomwe simukudziwa komwe yachokera;
- kompyutayo imasunga malipiro a antchito, zikalata za odwala kapena zotsatira za ophunzira.

Ngati pakhudzidwa ndalama, musadikire katswiri. Imbirani banki yanu, kapena a Airtel Money kapena a Mpamba, pa nambala yomwe mumaidziwa kale, osati yomwe yaoneka pa sikirini, ndipo musauze aliyense PIN yanu. Kanenani kupolisi. Ku Malawi kulinso gulu la mwCERT, lomwe lili pansi pa MACRA, lolandira malipoti a umbava wa pa intaneti.

Katswiri akabwera, muonetseni chithunzi cha chenjezo chija, mumuuze adiresi ya tsamba, tsiku lomwe zidayamba, ndi chilichonse chomwe mudadawuniloda kapena kudina, ngakhale chomwe mukuchita nacho manyazi. Musafufute History ya browser iye asanaione, chifukwa ndi m'menemo momwe amapeza fayilo yomwe idalowa ndi nthawi yomwe idalowera.